Alamu Anga ndi Sizasi ya Mlendo

Mlongo wanga anakwatiwa ndi mmisiri wopenta nyumba amene sanagulepo burashi chibadwire. Si miseche ayi, chifukwa eni akewo akamva zimenezi amaseka mpaka kutsokomola, akamaliza n'kundibwereka pampu. Mumsewu mwathu dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale. Aliyense, ngakhale mwana woyamba kumene kuyankhula, amawatchula kuti Andibwezamawa. Ine ndimangoti alamu, poopa mlongo wanga, amene dzanja lake ndimalidziwa kuyambira tili ana.

Kabwerekedwe kawo n'kaulemu. Amafika pakhomo, chipewa m'manja, kufunsa za ana mmodzimmodzi, za mwendo wa agogo, za mvula, koma diso lili kale pa chinthu chako. Ukamadzazindikira, simbi yako yositira ili m'khwapa mwawo, iwo akutsazika: "Ndibweza mawa, osadandaula." Chodabwitsa n'chakuti m'nyumba mwa mlongo wanga simupezeka chinthu cha munthu. Alamu sasunga. Akangomaliza nacho, amakumana ndi wina wochifuna, n'kumubwereka ngati chawo. Wilibala yanga, imene ndinagulira kunyamula matayala, chifukwa ine ndimamata matayala pakona ya msewu, inanyamulapo mchenga wa anthu osawadziwa, mbuzi yodwala, ndi mkulu wina amene anakana kuyenda pansi atachoka ku ukwati. Koma kunena zoona, alamu sataya chinthu. Ukawafunsa amayang'ana kumwamba, milomo ikugwedera, kenako n'kukuuza nyumba imene chili, amene anachitengera kumeneko, ndi chifukwa chake sungachitenge lero.

Mlongo wanga akatopa nawo amandikumbutsa kumene anachokera. Mayi awo anamwalira iwo akadali wokwawa, bambo awo anali dalaivala wa magalimoto akuluakulu amene ananyamuka ulendo umodzi osabwerera. Analeredwa ndi mdadada wonse wa nyumba za lendi: kudya khomo ili, kugona khomo ilo, malaya a mwana wa uyu, nsapato za mwana wa uyo. Mawu oti "changa" anawamva atamera kale ndevu, ndipo mpaka pano amawatchula ngati chilankhulo cha eni. Komanso munthu akadwala pakati pathu, ndi alamu amene amadziwa nyumba imene muli ndodo zoyendera kapena mpando wamatayala. Penti ikatsala kuntchito, umangodzuka chitseko chako chasanduka chobiriwira osakufunsa. N'chifukwa chake timawakalipira, koma tiyi timawathirira.

Chaka china m'chipinda cha kumapeto kwa mdadada wathu, moyang'anana ndi mpopi, munalowa banja lothawa nkhondo. Anabwera nawo mtsikana wa ku bungwe lothandiza othawa kwawo, pagalimoto yonyamula matilesi amodzi, chikwama chimodzi ndi ndowa. Mwamunayo anali wamtali, wowonda ngati mlongoti, magalasi ake omanga ndi ulusi. Mkaziyo anali wamfupi, wovala juzi yaikulu ngakhale dzuwa liswe mtengo. Chilankhulo chathu ankangotolako mawu ochepa. Mtsikana wa bungwe uja anatiuza kuti kwawo bamboyo anali telala, basi dzina linapezeka: Atelala.

Ifetu ndife anthu abwino, musatione chonchi. Tinawapatsa mbale, bulangeti, ketulo, ndi mpando umene mwendo umodzi unali wongoganizira. Tinkasiya pakhomo, iwo n'kutsegula pang'ono, kuwerama, "zikomo, zikomo," chitseko gwa. Tikawonjezera mphatso, chitseko chinkawonjezera kutsekeka. Atelala anayamba kutunga madzi nthawi imene pampopi palibe munthu, kuopa kuthokozanso. Amayi ena anayamba kunong'ona kuti anthuwa ndi odzimva. Koma kunena chilungamo, tinkawakonda ngati mmene munthu amakondera wodwala wa bedi loyandikana ndi m'bale wake kuchipatala: kumwetulira, kumusiyira nthochi, n'kuthawa asanayambe kufotokoza.

Kenaka mtsikana wa bungwe uja anawapezera mwayi. Kutsidya kwa njanji kuli shedi yaikulu kumene amasoka makatani ndi nsalu zokutira mipando. Kapitawo wa kumeneko anati munthuyo abwere Lolemba m'mawa ndi sizasi yake, adule nsalu iye akuona, dzanja likakhala labwino malo alipo. Sizasi Atelala anali nayo. Inali ya malemu bambo awo, yaitali ngati mkono, zogwirira zakuda zoperepeseka ndi manja a anthu awiri. Podutsa malire anaimanga pamwendo mkati mwa buluku. Nyumba, makina osokera, zithunzi za makolo, zonse zinatsala m'moto. Chimene chinafika kwathu kuno ndi sizasiyo, yokulunga m'kansalu kofewa.

Loweruka m'mawa Atelala anapita ku ofesi ya bungwe kukaima pamzere. Alamu tsiku limenelo ankafuna kudula pepala lapulasitiki lophimbira mipando ya kasitomala. Anagogoda makomo angapo osapeza chodulira, n'kufika pa chitseko cha kumapeto. Ena tonse tinkafika pamenepo titanyamula kanthu. Alamu anafika manja ali zii, kupereka moni wawo wautali amene akazi a Atelala sanamvepo ngakhale liwu limodzi, kenako n'kuonetsa zala ziwiri zikutsegula ndi kutseka.

Mayiyo anadzauza mlongo wanga pambuyo pake kuti mtima wawo unadumpha. Chifikireni, aka kanali koyamba kuti munthu awapemphe kanthu. Kasizasi kakang'ono kodulira ulusi kanalipo, koma anachita manyazi kupatsa mlendo woyamba kanthu konyozeka. Anapita pansi pa matilesi n'kutulutsa yeniyeniyo, kuipereka ndi manja awiri.

"Ndibweza mawa," anatero alamu. Mwamwayi mayiyo sanamve.

Dzuwa litapendeka tinamva, koyamba, mawu okweza m'chipinda cha kumapeto. Posakhalitsa Atelala anatulukira pakona panga, poti ine ndi amene ndimapezeka pamalo amodzi tsiku lonse ngati chitsa. Anaima patsogolo pa beseni langa loyesera machubu.

"Bambo wa penti. Kuti?" Zala ziwiri zija zinatsegula ndi kutseka.

Ine ndinayamba kuseka, poti nkhope yotereyi ndinaiona pa anthu ambiri. Koma nditayang'anitsitsa, kuseka kunandithera. Milomo ya munthuyo inali itauma gwa. Ndinasiya chubu m'madzi n'kumutsogolera.

Alamu tinawapeza pakhonde akumwa tiyi m'kapu yanga.

"Alamu, sizasi ya bambowa."

"Aaa, yabwino ija? Koma akuluwa ali ndi chida! Khalani pansi kaye, achimwene. Mayi, bweretsa kapu ina."

"Siyani za kapu. Ili kuti?"

Anayang'ana kumwamba, milomo ikugwedera. "Ili kwa amayi a golosale. Anali ndi kantchito pang'ono."

Mlongo wanga anatulukira pakhomo, manja ali ndi thovu la sopo. "Bambo a m'nyumba muno, mwabwereka kwa ndani? Kwa anthu amene tikuwasonkhera mbale? Inu manyazi anakuthawani muli m'mimba?"

"Koma anandipatsa okha, ndi manja awiri."

"Nyamukani! Musabwere muno popanda sizasiyo, apo ayi mukagona kwa amene mumawabwereka zinthuwo."

Tinanyamuka atatu, Atelala patsogolo ngakhale njira sankaidziwa. Amayi a golosale, mayi wonenepa amene amadziwa zimene banja lililonse ladya poona zimene lagula, anatilandira ndi manja m'chiuno.

"Eee, lero dzuwa latulukira kuti? Bambo inu mwakhala nafe nthawi yonseyi osaponda pano. Akazi anu amaphika ndi chiyani? Sindinawaonepo akugula ngakhale anyezi."

Atelala anangoonetsa zala.

"Sizasi? Ndi yanu? Mulungu akudalitseni, bambo. Makatoni onse aja ndaphwasula ngati ndikudula masamba. Ngakhale chingwe cha matumba a shuga, kamodzi kokha, phwa!"

Mawu oti makatoni Atelala anawamva, chifukwa mayiyo ankaloza mulu wake. Anagwira kauntala ngati munthu amene basi yamutembenuza mutu. Ine nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti telala weniweni sadulira ngakhale pepala sizasi ya nsalu. Kwathu kuno chida ndi chida. Mpeni timamangira sikuluwu, supuni timatsegulira chitini, ndipo sipanala yanga yakhomapo misomali yambiri kuposa hamala.

"Mukhale pansi, mwatuwa," anatero mayiyo, n'kuwatsegulira botolo la zoziziritsa kukhosi asanavomere. "Sizasiyo atenga Anesi. Imwani kaye, Anesi sathawa, miyendo inawakana."

Anesi anapuma ntchito kuchipatala kalekale, koma mawu sanapume. Akamayankhula m'nyumba mwawo, ana a msewu wachiwiri amasiya kulira. Tinawapeza pabwalo, galu wawo waubweya wambiri atagona pamapazi, atametedwa mbali imodzi ngati munda wolima theka. Atelala anayang'ana galuyo, kuyang'ana ubweya uli mbwee pansi, n'kutseka maso.

"Awa ndi a chipinda cha kumapeto aja?" anafunsa Anesi. "Bwerani kuno." Anawagwira chibwano, kuwakokera chikope pansi. "Magazi mulibe. Mumadya? Nanga akazi anu aja, ndinawaona pampopi. Juzi imene ija sinamiza ine. Ndi oyembekezera, eti?" Anajambula mimba ndi dzanja.

Atelala anazengereza, kenako anagwedeza mutu kuvomera. Ine ndi alamu tinayang'anana. Mdadada wonse, ndi maso athu onse ndi miseche yathu yonse, palibe amene anaona.

"Ndiye mukuwatsekera m'chipinda ngati nkhunda? Mawa abwere kuno ndiwaone, ndiwauze khomo lolowera kuchipatala, asakaime mzere wa odwala mano. Mwamva? Iwe wa matayala, uwafotokozere ndi manja."

"Anesi, sizasi," ndinatero.

"Watenga wowotcherera zitsulo uja. Ndamuuza kuti abweze msanga, galu sindinamalize."

Pochoka pamenepo sitinalinso atatu. Amayi a golosale anali atatseka zenera la golosale n'kutitsatira, pambuyo pawo amayi awiri a pampopi, ndi amuna ena amene Loweruka masana amangodikira chochitika. Wowotcherera amagwirira ntchito kuseri kwa mdadada, pabwalo lodzaza zitsulo zadzimbiri ndi mageti osamaliza. Tinamupeza atagwada, akumanga khola la nkhuku. Pambali pake panali mpukutu wa waya wa sefa, wodulidwa bwinobwino m'zidutswa. Sizasi inali pansi, pafumbi, pakati pa zotsalira za ndodo zowotcherera.

"Andibwezamawa!" anafuula mokondwa. "Chida ichi mwachitenga kuti? Chikudya waya ngati chikudya buledi!"

Atelala anaitola pang'onopang'ono. Anaipukuta pa malaya awo, kuitsegula, n'kuiyang'anitsa kudzuwa. Ngakhale ine, amene sukulu ndinaisiya isanandizolowere, ndinaona: m'mphepete mwa mpeni umodzi munali mobenthuka muwiri, ngati mano a mwana wokonda shuga. Anatulutsa kampango m'thumba n'kuyesa kudula. Sizasi inakatafuna, kukapinda, n'kukasiya kali lende.

Anakhala pa batire lakale la galimoto. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma sananene kuti eni mudzi adzakabunthitsa tsiku limodzi.

Alamu anayandikira. "Pepani, achimwene. Tikupezerani ina. Ndikudziwa munthu amene ali nayo."

Pamenepo ndi pamene thumba linang'ambika. Atelala anadzambatuka n'kuyamba kuyankhula chilankhulo chawo, mawu akugubuduka ngati miyala yotsika m'lole, chala chili pamphuno pa alamu. Munthu amene tinkangomudziwa ndi "zikomo" anali ndi mawu otha kugwetsa laimu pakhoma. Chakwawo chitawathera mpweya, anatembenukira ku chathu.

"Iyi bambo anga! Bambo anga! Lolemba ntchito! Mwana akubwera! Iwe... iwe..." Anasakasaka liwu, maso akuzungulira bwalo, mpaka anagwera pa khola lija. "Iwe nkhuku!"

"Ayi bambo, nkhuku n'zochepa," anatero amayi a golosale. "Nenani kuti chitsiru."

"Chitsiru!"

"Onjezani kuti mbava yaulemu," anatero wina kumbuyo.

"Mbava!"

"Atukwaneni ndithu," anatero mmodzi wa amayi a pampopi. "Tonse tinadutsa momwemo. Ine poto wanga anabwera ali ndi penti."

Mwa mphatso zonse zimene tinapatsa banja limenelo, mawu otukwanawa ndi amene analandiridwa ndi mtima wonse. Atelala anawagwiritsa ntchito onse, ena kawiri, mpaka misozi inayamba kutsika pansi pa magalasi. Apo anthu anasiya kuseka.

Alamu anali ataima chipewa m'manja. Ndawadziwa zaka zambiri, ndawaona akukalipiridwa ndi eni nyumba, apolisi ndi apongozi awo, ndipo nthawi zonse amakhala ndi yankho. Tsiku limenelo anayankhula motsitsa, osayang'ana munthu.

"Ine bambo anga sanandisiyire kanthu, achimwene. Ndiye chinthu chosiyiridwa sindidziwa kagwiridwe kake. Ndalakwa."

Sindikudziwa ngati Atelala anamva mawuwo, koma nkhope anaiona.

Wowotcherera, pofuna kukonza mlandu wake, anayatsa makina ake onolera zitsulo, aja amalavula moto. "Bweretsani kuno, kamodzi kokha iwala ngati yatsopano." Atelala anakumbatira sizasi pachifuwa ngati khanda laona fisi. Kenako anayamba kufotokoza ndi manja: chinthu chafulati, chosalala ngati tsaya, kudontheza mafuta, kunola pang'onopang'ono.

Alamu anayang'ana kumwamba. Milomo inagwedera nthawi yaitali kuposa masiku onse. "Mwala wotero uli kwa mkulu uja ankameta anthu ndi lumo pafupi ndi siteji. Anasiya ntchito maso atafooka, koma mwalawo uli m'kabati, kuseri kwa mabotolo a mankhwala." Sanatsazike. Ndinaona alamu anga akuthamanga koyamba chikwatirireni mlongo wanga.

Lamulungu lonse chitseko cha kumapeto chinali chotsegula. Atelala anakhala pakhomo, thaulo pamiyendo, sizasi ataimasula pawiri ndi sikuludiraiva imene wowotcherera anachita kuisula kuti ikwane kabawuti ka pakati. Mwala unabwera limodzi ndi mwini wake, poti mkulu wometa uja anati chinthu chake sichigonanso m'manja mwa Andibwezamawa. Anakhala pa mpando wa mwendo wongoganizira uja, akumvetsera kulira kwa chitsulo pamwala, n'kumati, "Eya, dzanja ilo," ngakhale sankaona bwino. Mafuta anachokera kwa mlongo wanga. Mlongo wangayo m'mawa anali atatenga akazi a Atelala kupita nawo kwa Anesi, ndipo pobwera anadzera ku golosale, kumene anakhalitsa kuposa kwa Anesi. Alamu ankangozungulirazungulira ngati nkhuku yofuna poikira, kubweretsa madzi osapemphedwa. Atelala sanawayang'ane ngakhale kamodzi.

Chakumadzulo anamanga sizasi n'kupempha nsalu yokhuthala yoyesera, yofanana ndi katani. Mlongo wanga analowa m'nyumba n'kutuluka ndi jekete lakuda.

"Dulani ili. Ndi la mwini mlanduyu. Amve kuwawa nayenso."

Alamu sanatsutse, zimene zinandidabwitsa. Sizasi inalowa kumsana kwa jekete, kulira mokoma, krrr, anthu n'kuwomba m'manja. Ine ndinawomba nawo, mpaka pamene ndinaona kansalu kofiira ka m'kati mwa thumba, kamene mkazi wanga anasokerera ndi manja ake.

"Alamu! Ili si jekete langa la ukwati ili?"

"Ndimati ndibweze, alamu. Nthawi."

Anthu anagwa pansi ndi phwete. Ngakhale Atelala, atawafotokozera ndi manja, pakamwa panagwedera pang'ono. Koma kenako anandionetsa chinthu. Kubenthuka kumodzi kunali kutatha, koma kwina, kufupi ndi nsonga, kunali kozama. Kukuchotsa kukanadya mpeni wonse. Akatseka sizasi mpaka kumapeto, inkakoka ulusi. Anayesa kudula osaitseka yonse, kuimitsa dzanja isanafike pachilemapo. Dzanja limene lazolowera zaka zambiri silimva msanga. Jekete langa linatha lonse pophunzitsa dzanjalo.

Lolemba m'mawa alamu anaumirira kuti awaperekeze, ati amadziwa njira yachidule yodutsa njanji. Mlongo wanga anakana, Atelala anakana, koma alamu anali kale patsogolo. Ine ndinaphimba beseni langa n'kutsatira, poti pamene pali alamu pamafunika mboni.

Shedi ija ndi yaitali, yofolera malata, makina ali m'mizere, akulira ngati mvula. Pakati pali tebulo lalikulu lodulirapo, mipukutu ya nsalu itatsamira khoma. Kapitawo anali mkulu wadazi, tepi yoyezera pakhosi, pensulo kukhutu. Anatiyang'ana, maso ake n'kudumpha Atelala, kudumpha ine, kukatera pa alamu.

"Iwe! Makwerero anga ali kuti?"

Alamu anavula chipewa. "Bwana, mwadzuka bwanji? Ana kunyumba?"

"Usandifunse za ana! Unapenta khoma ili, n'kunyamula makwerero kuti ubweza mawa. Makatani tikupachika titakwera pa migolo!" Anatembenukira kwa Atelala. "Bambo, ngati mwabwera ndi munthu uyu, bwererani. Anzake a uyu sindiwafuna muno. Mawa ndidzapeza makina apita kukasoka kwa eni."

Atelala sanamve zonse, koma dzanja loloza kukhomo limamveka m'chilankhulo chilichonse. M'malo motuluka, anamasula kansalu kofewa kaja, kuika sizasi patebulo, kuitsegula, n'kuloza pobenthuka paja ndi chikhadabo. Atatero analoza alamu.

"Uyu."

Kapitawo anawerama, kuyang'anitsitsa. Ananyamula sizasiyo, kuiyeza kulemera m'dzanja, kuitembenuza. Anali munthu wodziwa chimene wagwira. "Mpaka sizasi yotere? Anadulira chiyani?"

"Katoni," anatero Atelala. "Galu. Waya."

"Waya!" Kapitawo anagwira dazi lake ndi manja onse. "Ambuye! Ndiye inu si mnzake, ndinu mnzanga m'masautso. Munamuuza chiyani?"

"Chitsiru."

"Mwaphunzira bwino chilankhulo. Bwerani kuno."

Anayala nsalu yolemera yamaluwa, kuilemba mzere ndi choko kuchokera uku mpaka uko. Osoka oyandikira anaimitsa makina. Atelala anapukuta manja pa buluku, kugwadira tebulo pang'ono, n'kuyamba. Sizasi inayenda pamzerepo ngati ikuudziwa, dzanja likuima lokha lisanafike pachilema. Alamu anali atatafuna kale mlomo wa chipewa. Pomaliza penipeni, pamene munthu amati ndafika, dzanja linakumbuka chizolowezi chake chakale n'kutseka sizasi yonse. Ulusi umodzi unakokeka m'mphepete, nsalu n'kuchita katsinya.

Atelala anaika sizasi pansi n'kuweramitsa mutu. Kapitawo ananyamula nsaluyo, kuyendetsa chala m'mphepete monse, kufika pa katsinyako, kukayang'ana, n'kuyang'ana alamu ndi diso loti likanakhala mwala bwenzi tikunyamula munthu.

"Aka kalowa mumpendero, palibe adzakaone. Dzanja ndi labwino. Yambani lero lomwe, tebulo ndi ili." Anakweza chala. "Koma makwerero anga agone muno lero. Inuyo bambo ndi amene mubwere nawo, uyu sindimukhulupirira."

Tonse tinayang'ana alamu. Iwo anayang'ana malata a shedi, milomo ikugwedera. "Ali kwa Anesi. Anyamata ankawathyolera mapapaya."

"Anesi," anatero Atelala. "Galu. Ndikudziwa."

Ataweruka madzulo, ine ndili pakona panga, ndinawaona akutuluka kwa Anesi, makwerero ali pamapewa, Atelala kutsogolo, alamu kumbuyo. Sizasi inali m'kansalu kake, yomangirira m'chiuno ndi chingwe, mbali imene alamu sakanaifikira. Amayi a golosale anasuzumira pazenera n'kufuula kuti ntchito yayenda bwanji, Atelala n'kuyankha osaima kuti yayenda. Wowotcherera anakweza dzanja mwamanyazi, iwo anangogwedeza mutu pang'ono, poti mlandu wa waya sunathe. Akudutsa pa ine ndinamva alamu akuyankhula ndi mawu awo aulemu aja.

"Achimwene, ndaona kuntchito kwanu akupatsani tepi yoyezera. Pali kazenera kena kwa kasitomala wanga..."

"Ayi!" anatero Atelala, mokweza moti galu wa Anesi anauwa. Anayenda pang'ono osacheuka, makwerero akugwedera pakati pawo. "Zenera lili kuti? Ndiyeza ndekha."